Dr. Robert Laws, Dotolo wa ku Khondowe

Kum'mwera kwa Wenya, m'boma la Chitipa, kuli mapiri aatali ndi ozizira a Nyika. Munthu akadutsa mapiri amenewa kulowera cha kunyanja amafika pamalo okwera otchedwa Khondowe, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Livingstonia. Pamalopa pali chipatala chakale, masukulu, tchalitchi ndi nyumba yomangidwa ndi miyala. Kwa zaka zambiri anthu a ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba ndi Nkhata Bay ankayenda pansi masiku angapo kupita kumeneko, ena kukafuna maphunziro, ena kukafuna mankhwala. Lero tiwerenga mbiri ya munthu amene adayambitsa malowa. Dzina lake ndi Dr. Robert Laws.

Ubwana wake

Robert Laws adabadwa pa 28 Meyi 1851 ku Aberdeen m'dziko la Scotland. Bambo wake adali mmisiri wa matabwa, wopanga mipando, matebulo ndi makabati. Banjali silidali lolemera ayi. Choncho Robert adayamba kuphunzira umisiri womwewo akadali mnyamata wamng'ono. Masana ankapala matabwa, ndipo dzuwa likalowa ankapita ku sukulu ya madzulo.

Masiku amenewo anthu a ku Scotland ankakonda kuwerenga za maulendo a Dr. David Livingstone mu Africa. Robert nayenso adawerenga, ndipo mtima wake udakopeka ndi nkhani za Amakololo, anthu amene ankaperekeza Livingstone pa maulendo ake. Kuyambira pomwepo adatsimikiza zodzagwira ntchito pakati pa anthu amenewa. Adadziwanso kuti chifuniro chokha sichichiza wodwala. Padafunika maphunziro.

Wophunzira m'chipatala cha nthomba

Robert adalimbikira mpaka adalowa yunivesite ya Aberdeen, kumene adalandira digiri yake yoyamba mu 1872. Atatero adapitiriza kuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, za udotolo ndi za ubusa. Kuti apeze ndalama zolipirira sukulu, adapita kumzinda wa Glasgow kukagwira ntchito yoyendera odwala m'zipatala za nthomba ndi matenda ena opatsirana.

Nthomba idali nthenda yoopsa kwambiri. Wodwala ankatuluka matuza thupi lonse. Ambiri ankafa, ndipo ochira ankatsala ndi zipsera kumaso, ena mpaka kuchita khungu. Anthu ankaopa ngakhale kuyandikira zipatala zotere. Koma Robert ankalowamo tsiku ndi tsiku, nakhala pambali pa odwala. M'menemo adaona ndi maso ake zinthu zimene kale ankangoziwerenga m'mabuku. Adamaliza maphunziro a udotolo mu 1875, ndipo chaka chomwecho adadzozedwa ubusa. Pa nthawiyo adali ndi zaka 23 zokha.

Ulendo wa kunyanja

Dr. Livingstone adamwalira mu 1873. Pofuna kumukumbukira, Akhristu a ku Scotland adaganiza zotsegula mishoni m'mbali mwa nyanja yathu ndi kuitcha Livingstonia. Gulu loyamba lidanyamuka mu Meyi 1875 motsogozedwa ndi Bambo E. D. Young, ndipo a Laws ndiwo adali dotolo wa gululo.

Iwo adatenga sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, yomwe idali m'zidutswazidutswa. Adailumikiza pamathiriro a mtsinje wa Zambezi, nakwera nayo mpaka mu Shire. Atafika pa mathithi, pamene sitima siingadutse, adaiphwasulanso. Apa ndi pamene a Laws adakumana ndi Amakololo aja ankawafuna kuyambira ubwana wawo. Mafumu a Amakololo adasonkhanitsa anthu mazanamazana amene adasenza zitsulo za sitimayo pamutu, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, mpaka kumtunda kwa mathithi. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala idalowa m'nyanja, ndipo alendowo adamanga misasa yawo ku Cape Maclear m'boma la Mangochi.

Opaleshoni yoyamba

Poyamba odwala sankabwera ambiri, pakuti anthu sadawadziwe alendowa. Koma pa 2 Malichi 1876 kudachitika chinthu chimene chidamveka kutali. Padali mnyamata wina amene adali ndi chotupa pamwamba pa diso. A Laws adamununkhiza mankhwala ogonetsa otchedwa kolorofomu, amene dotolo wina wa ku Edinburgh, James Young Simpson, adayamba kugonetsera odwala mu 1847. Mnyamatayo adagona tulo tofa nato. Dotolo adacheka ndi kuchotsa chotupacho iye osamva ululu uliwonse. Patapita kanthawi adadzuka ali bwinobwino.

Aka kadali koyamba kuti wodwala achitidwe opaleshoni atagonekedwa ndi mankhwalawa m'chigawo chapakati cha Africa. Oonerera adazizwa, ndipo mbiri idawanda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Kuchokera pamenepo odwala adayamba kubwera ambiri.

Kufufuza malo abwino

Ku Cape Maclear kudali mdani mmodzi amene mpeni wa dotolo sukadatha kumucheka. Mdaniyo ndi malungo. Mu 1877 adamwalira Dr. William Black, ndiponso mphunzitsi Shadrach Mngunana wochokera ku Lovedale m'dziko la South Africa. Enanso adatsatira, ndipo manda awo alipo mpaka lero. A Laws nawonso ankadwaladwala malungo, namangodalira mankhwala owawa a kwinini.

Masiku amenewo padalibe dotolo ndi mmodzi yemwe pa dziko lonse amene ankadziwa kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu. Ambiri ankaganiza kuti amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. A Laws, amene tsopano adali mtsogoleri wa mishoni, sadakhale manja lende. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Iwo ankalemba m'buku za nyengo ndi za odwala, nayerekeza malo ena ndi ena. Mu 1878 adayenda pansi pafupifupi miyezi itatu kuzambwe kwa nyanja pamodzi ndi William Koyi ndi anzawo ena. Pobwerera adasiya anthu pamalo awiri oyesera, ku Bandawe m'mphepete mwa nyanja ndi ku Kaning'ina kumapiri, kuti aone kumene anthu angakhale ndi moyo wabwino. Ku Kaning'ina kudavuta chifukwa cha nkhondo ya pakati pa Angoni ndi Atonga, choncho mu 1881 mishoni idasamukira ku Bandawe.

Kuchokera ku Bandawe ntchito idafalikira kumpoto konse. Mu 1882 adatsegula malo ku Njuyu pakati pa Angoni a Inkosi M'mbelwa. Chaka chomwecho adatsegulanso malo kwa Mweniwanda, m'dera lomwe lero ndi boma la Chitipa, pafupi ndi msewu wa Stevenson wochokera ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika. Pambuyo pake kumeneko kudagwira ntchito dotolo wina dzina lake David Kerr Cross.

Tsoka ilo, ku Bandawe nakonso malungo adalipo. Banja la a Laws lidalawa chisoni chachikulu. Iwo adakwatira Margaret Gray ku Blantyre mu 1879, koma mwa ana awo onse adakula ndi mmodzi yekha, Amelia Nyasa, wobadwa mu 1886. Komabe sadabwerere kwawo. Mu 1894 adanyamukanso pamodzi ndi Yuriah Chirwa kukayendera mapiri a kumpoto, mpaka adapeza Khondowe, malo ozizira, a madzi abwino, okwera mamita pafupifupi 900 kuchokera panyanja.

Patangopita zaka 3, mu 1897, dotolo wina wotchedwa Ronald Ross, akugwira ntchito ku India, adapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Pamenepo zidadziwika chifukwa chake malungo amachepa kumalo okwera ndi ozizira: udzudzu suswana kwambiri kumeneko, ndipo tizilomboto sitikula msanga m'thupi mwake. A Laws adasankha bwino asadadziwe chifukwa chenicheni, popeza adapenyetsetsa ndi kuyerekeza kwa zaka zambiri. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sukulu ndi chipatala ku Khondowe

Ku Khondowe a Laws adatsegula sukulu yaikulu yotchedwa Overtoun Institution. Dzinali ndi la munthu wina wachuma wa ku Scotland amene adapereka ndalama zambiri zothandizira ntchitoyi. Ophunzira ankachokera kumpoto konse kwa dziko lino ndi ku maiko oyandikana nafe. Ena ankaphunzira uphunzitsi ndi ubusa, ena ukalaliki, kupala matabwa, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi ulimi. Wophunzira aliyense ankagwira ntchito ya manja kuwonjezera pa za m'kalasi. Padalinso nthawi ya masewera monga mpira wamiyendo ndi mipikisano yothamanga, kuti matupi akhale olimba.

A Laws ankadziwa kuti matenda ambiri amabwera ndi madzi oipa. Choncho adakoka madzi oyera m'mipope kuchokera kumapiri. Adalambulitsa msewu wa Gorodi wokhotakhota kuchokera kunyanja kukwera phiri, ndipo mu 1905 adayatsa magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi a ku Manchewe. Mu 1911 chidatsegulidwa chipatala cha David Gordon Memorial, chimene chikuthandizabe anthu mpaka lero.

Iwo ankaonanso kuti madotolo ochokera kunja sangakwanire dziko lonse, ndipo kuti eni dziko ayenera kuphunzira kuchiza abale awo. Motero pa Khondowe padayamba maphunziro a othandiza madotolo. Anyamata ankaphunzira ziwalo za thupi la munthu ndi ntchito zake. Akatuluka m'kalasi ankalowa m'chipatala kukatsuka ndi kumanga zilonda, kusakaniza mankhwala ndi kusamalira odwala, monga momwe a Laws adachitira ku Glasgow ali wophunzira. Omaliza maphunzirowa adakagwira ntchito m'zipatala za mishoni ndi za boma.

A Laws adagwiranso ntchito pa chiyankhulo chathu. Adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, ndipo mu 1894 adatulutsa buku lotanthauzira mawu a Chingerezi m'Chinyanja.

Munthu salephera kukhala ndi pofooka pake. A Laws adali okhwimitsa malamulo, ndipo mishoni yawo idachedwa kupereka maudindo aakulu kwa anthu akuda amene idawaphunzitsa yokha. Charles Domingo, amene adakulira pakhomo pawo namaliza bwino maphunziro a ubusa, adadikira kudzozedwa zaka zambiri mpaka adatopa nachoka. Abusa oyamba achikuda, a Yesaya Zerenji Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 chiyambire mishoni.

Masiku otsiriza

Mayi Laws adamwalira mu 1921. Mu 1924 mpingo wa CCAP udakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Livingstonia, ndipo a Laws adasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa sinodi yake. Iwo ankalakalaka kuti sukulu ya ku Khondowe idzasanduke yunivesite, koma ndalama zidasowa ndipo akuluakulu a ku Scotland sadavomereze. Mu 1927 adapuma pa ntchito nabwerera kwawo, atatumikira dziko lino zaka 52. Adamwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934, ndipo adaikidwa m'manda kwawo ku Aberdeen.

Zambiri zasintha chimwalirire a Laws. Nthomba ija idagonjetsedwa ndi katemera, ndipo mu 1980 kudalengezedwa kuti yatheratu pa dziko lonse. Mu 1991 ku Blantyre kudatsegulidwa sukulu yophunzitsa madotolo, imene kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Mu 2003 yunivesite ya Livingstonia idatsegulidwa, ndipo nthambi yake ya ku Khondowe imatchedwa ndi dzina la Laws. Ophunzira a m'masukulu amenewa amapita m'zipatala ndi m'midzi kukafunsa, kuyeza ndi kulemba zimene apeza, kuti adziwe gwero la matenda ndi njira zowapewera.

Koma malungo akadalipo, ndipo akuphabe ana ambiri m'dziko lathu. Ntchito yofufuza siidathe. Mwina mwana wina amene akuwerenga nkhaniyi ku Wenya, ku Nthalire kapena kwina kulikonse ndiye adzaipitirize. Poyambira pake ndi pomwe adayambira mwana wa mmisiri wa matabwa uja: kulimbikira sukulu, kupenyetsetsa, kufunsa ndi kulemba zimene waona.

Mafunso

1. Kodi Robert Laws adabadwira kuti ndipo adabadwa liti?
2. Adachita chiyani kuti apeze ndalama zolipirira maphunziro ake?
3. Fotokozani m'mene sitima ya Ilala idadutsira mathithi a mu Shire.
4. N'chifukwa chiyani anthu adazizwa ndi opaleshoni ya pa 2 Malichi 1876?
5. Tchulani malo atatu amene padakhala likulu la mishoni ya Livingstonia, ndipo perekani chifukwa chimene lidasamukirasamukira.
6. Kodi Ronald Ross adatulukira chiyani mu 1897?
7. N'chifukwa chiyani Charles Domingo adachoka pa mishoni?
8. Perekani tanthauzo la mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito

Kwa sabata imodzi, lembani m'kope mwanu chiwerengero cha anzanu amene ajomba kusukulu chifukwa cha matenda, ndiponso matenda amene adwala. Pakutha pa sabatayo kambiranani ndi aphunzitsi anu za nthenda imene yavuta ambiri ndi m'mene mungaipewere.