Mbiri ya a Paul Robeson, katswiri wa masewero amene anakana kunyozetsa anthu akuda

Malemu a Paul Robeson anali mmodzi mwa anthu akuda oyamba kuchuka pa dziko lonse m'masewero a pa nsanja ndi m'mafilimu. Koma kuchukako sikunawaletse kutsutsa tsankho, ngakhale kuti kucita tero kunawatayitsa cuma ndi ufulu woyenda.

A Robeson anabadwa pa 9 Epulo 1898 ku Princeton, m'dziko la America. Atate awo anali mbusa amene anathawa ukapolo akali mnyamata. Anaphunzira pa Rutgers, kumene anapambana m'kalasi ndi m'maseŵera a mpira, kenaka anatsiriza maphunziro a zamalamulo pa Columbia mu 1923. Nchito ya uloya sanakhalitse nayo cifukwa ca tsankho la mu ofesi, ndipo analoŵa m'masewero.

Dzina lawo linamveka mu 1924 pamene anaseŵera m'masewero aŵiri a mlembi Eugene O'Neill, limodzi mwa iwo lochedwa The Emperor Jones. Caka cotsatira anaonekera mu filimu yawo yoyamba, Body and Soul, yopangidwa ndi Oscar Micheaux, yemwenso anali munthu wakuda. Mu 1928 liwu lawo lalikulu linakopa anthu a mu London m'sewero la nyimbo la Show Boat, ndipo mu 1930 anatenga mbali ya Othello mumzinda womwewo. Nthawi imeneyo mbaliyi inali kuseŵeredwa ndi azungu odzipaka utoto wakuda kumaso.

Cimene cinawapweteka mtima kwambiri cinali filimu ya Sanders of the River ya mu 1935. Iwo anavomera kukhala mfumu Bosambo poganiza kuti filimuyo idzaonetsa miyambo ya Africa mwaulemu. Itatuluka, anapeza kuti inali kutamanda ulamuliro wa atsamunda a ku Britain, ndipo anaikana poyera. Pakati pa anthu ooneka pang'ono mu filimuyo panali a Jomo Kenyatta, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Kenya.

Kucokera pamenepo a Robeson anayamba kusankha mbali zawo mosamala. Filimu imene anakondwera nayo inali The Proud Valley ya mu 1940, yonena za anchito a m'migodi ya malasha ku Wales. Mu 1942 analengeza kuti aleka mafilimu a ku Hollywood popeza anali kuonetsa munthu wakuda monga mwana wosaganiza. Anabwerera pa nsanja, ndipo Othello wawo amene anayamba ku New York mu 1943 anaseŵeredwa maulendo 296.

Mu 1937 anathandiza kukhazikitsa bungwe la Council on African Affairs, limene linatsutsa utsamunda ndi kucirikiza anthu akuda a ku South Africa. Zimenezi, pamodzi ndi ubwenzi wawo ndi dziko la Soviet Union, zinakwiyitsa boma la America. Mu 1950 anawalanda pasipoti, ndipo nyumba zambiri za masewero zinawatsekera zitseko. Posoŵa njira yoyendera, mu 1957 anaimbira anthu a ku London ndi ku Wales kupyolera pa lamya.

Pasipotiyo inabwezedwa mu 1958, ndipo mu 1959 anaseŵera Othello kotsiriza ku Stratford-upon-Avon. Zitatero thanzi lawo linayamba kufooka, ndipo zaka zawo zomaliza anakhala kwa mlongo wawo ku Philadelphia, kumene anamwalira pa 23 Januwale 1976 ali ndi zaka 77. Mu 1978 bungwe la United Nations linawalemekeza cifukwa ca nkhondo yawo yolimbana ndi tsankho la ku South Africa.