Ronald Fisher, katswiri amene anasiyanitsa umboni ndi mwayi

Mbewu yatsopano ya chimanga kapena mtedza isanafike kwa mlimi wa ku Namitete, Nsaru kapena Kabudula, imayamba yayesedwa kwa zaka zingapo m'minda ya kafukufuku. Wina mwa minda yotereyi uli pa Chitedze, kufupi ndi Mpingu m'mbali mwa msewu wopita ku Mchinji, pamene ntchito ya kafukufuku wa zaulimi inayamba m'chaka cha 1948. Pakutha pa kuyesako, akatswiri amayenera kuyankha funso limodzi lolemera: ngati mbewu yatsopano yabereka kuposa yakale, kodi ndi mphamvu ya mbewuyo, kapena yangochita mwayi wogwera pa nthaka yabwino? Akalakwitsa yankho, wolira ndi mlimi amene watsanulira ndalama zake pa mbewu yopanda phindu. Njira imene dziko lonse limatsata poyankha funsoli inakonzedwa makamaka ndi munthu wa ku England, Ronald Aylmer Fisher, yemwe anamwalira zaka zoposa 60 zapitazo.

Fisher anabadwa pa 17 February 1890 ku East Finchley, mumzinda wa London. Bambo ake, George Fisher, anali wamalonda wogulitsa katundu wamtengo wapatali pa okushoni, ndipo banjali linali lopeza bwino. Mtendere umenewu sunakhalitse. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 14, ndipo pasanathe zaka ziwiri malonda a bambo ake anagwa. Kuyambira pamenepo, maphunziro a mnyamatayu anadalira thandizo limene ankapata chifukwa chokhoza bwino.

Maso ake anali ofooka kwambiri kuyambira ali mwana. Pofuna kuwateteza, mphunzitsi wake ankamuphunzitsa masamu madzulo popanda pensulo kapena pepala, moti anazolowera kuona funso lonse m'mutu ngati chithunzi ndi kufika pa yankho asanalembe kanthu. Luso limeneli linamuthandiza moyo wake wonse, koma linasautsanso anzake, chifukwa nthawi zambiri ankalemba yankho osaonetsa njira imene wadutsa. Atachoka pa sukulu ya Harrow, analowa koleji ya Gonville and Caius ku yunivesite ya Cambridge mu 1909, ndipo mu 1912 anakhoza masamu mwapamwamba.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Anakagwira ntchito pa famu ina ku Canada, anakhalako wowerengera pa kampani ina ku London, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, asilikali anamukana chifukwa cha maso. Anakhala mphunzitsi wa masamu ndi sayansi m'sukulu zingapo, ntchito imene sinkamukomera. Mu 1917 anakwatira Eileen Guinness. Ngakhale anali kunja kwa yunivesite, sanaleke kulemba, ndipo mu 1918 anatulutsa nkhani yoonetsa kuti malamulo a chibadwa amene Gregor Mendel anapeza pa zomera akhoza kufotokozanso zinthu monga kutalika kwa anthu.

Chaka cha 1919 chinamubweretsera ntchito ziwiri nthawi imodzi. Karl Pearson, amene panthawiyo anali mkulu wa akatswiri a ziwerengero ku Britain, anamuitana kuti akagwire ntchito pansi pake ku London. John Russell, mkulu wa malo a kafukufuku wa zaulimi a Rothamsted ku Harpenden, anamuitana kuti akafufuze milu ya mabuku a zokolola. Fisher, yemwe anali atayamba kale kusemphana maganizo ndi Pearson, anasankha kumunda.

Pa Rothamsted panali munda wa tirigu wotchedwa Broadbalk, umene unkalimidwa chaka ndi chaka kuyambira mu 1843 pofuna kuyesa mitundu ya feteleza ndi manyowa. Manambala analipo ochuluka, koma kuwamasulira kunali kovuta. Zokolola zinkakwera ndi kutsika chifukwa cha feteleza, chifukwa cha mvula, chifukwa cha udzu, komanso chifukwa cha kuguga kwa nthaka, zonse zitasakanikirana. Fisher anakonza njira ya masamu yogawira kusiyana kwa zokolola m'zigawo, kuti chilichonse mwa zifukwazi chionekere pachokha. Koma phunziro lalikulu limene anatolapo linali lakuti masamu sangapulumutse kafukufuku amene anayalidwa molakwika pachiyambi.

Mlimi aliyense wa ku Nambuma amadziwa kuti munda umodzi sukhala wofanana. Chimanga cha pachulu chimakula mosiyana ndi cha pamchenga, ndipo cha kumunsi, kufupi ndi dambo, chimapirira ng'amba kuposa cha kumtunda. Munthu akabzala mbewu yatsopano pachulu ndi yakale pamchenga, ndiye kuti wayesa nthaka, osati mbewu. Pofuna kuthana ndi vutoli, Fisher anakhazikitsa mfundo zitatu. Yoyamba ndi kubwereza: mbewu iliyonse ibzalidwe m'ndime zingapo, osati imodzi. Yachiwiri ndi kugawa munda m'zigawo za nthaka yofananirako, kuti mbewu zonse zipikisane m'chigawo chilichonse. Yachitatu, imene inali yachilendo kwambiri panthawiyo, ndi kuchita maere posankha ndime imene mbewu iliyonse ipite. Maere sakondera. Amachotsa dzanja la wofufuza, amene mwina mosadziwa akhoza kupatsa malo abwino mbewu imene akuikonda.

Zokolola zikayezedwa, pamatsala kugamula. Apa Fisher anati wofufuza ayambe ndi ganizo lokayikira, lakuti palibe kusiyana kulikonse pakati pa zinthu zimene akuyesa. Ganizo limeneli analitcha null hypothesis. Kenako awerengere kuti, ganizolo litakhala loona, zotsatira zonga zimene wapezazo, kapena zoposa pamenepo, zingabwere kangati mwamwayi chabe. Nambala imene imatuluka ndi imene masiku ano imatchedwa p-value. Ikakhala yaying'ono kwambiri, ndiye kuti mwayi wokha ukulephera kufotokoza zimene zaonekazo, ndipo ganizo lokayikira lija limakanidwa. Zimafanana ndi mlandu wa kukhoti, kumene woimbidwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira umboni utakwanira.

Chitsanzo chimene chinatchuka kwambiri chinachokera pa kapu ya tiyi. Muriel Bristol, wasayansi mnzake pa Rothamsted, ankanena kuti akalawa tiyi amadziwa ngati m'kapumo munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyi. M'buku lake la mu 1935, The Design of Experiments, Fisher anafotokoza mmene zonena zoterezi zingayesedwere. Pakhale makapu 8, anayi oyamba ndi mkaka ndi anayi oyamba ndi tiyi, aperekedwe mosakaniza mwa maere, ndipo wolawayo asankhe anayi a mtundu umodzi. Pali njira 70 zosankhira makapu anayi mwa 8, ndipo yolondola ndi imodzi yokha. Choncho munthu wongolota akhoza kulondola onse kamodzi pa maulendo 70. Koma kulondola atatu kapena anayi kumachitika ka 17 pa maulendo 70, pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi, ndiye munthu amene walondola atatu okha sanapereke umboni wokwanira.

Kuwerengera komweku kumagwiranso ntchito kumunda. Tiyerekeze kuti mbewu ziwiri za chimanga zabzalidwa moyandikana m'minda 10, mbali yobzala iliyonse itasankhidwa mwa maere. Ngati mbewuzo n'zofanana mphamvu, kupambana kwa iliyonse m'munda umodzi kuli ngati kuponya ndalama m'mwamba, ndipo pali njira 1,024 zimene zotsatira za minda 10 zingagwere. Mbewu yatsopano ikapambana m'minda 7, ambiri angaombe m'manja, koma kupambana m'minda 7 kapena kuposerapo kumapezeka m'njira 176 mwa 1,024, kutanthauza pafupifupi ka 17 pa 100 mwamwayi chabe. Ikapambana m'minda 9, nkhani yasintha, chifukwa kupambana m'minda 9 kapena yonse 10 kumapezeka m'njira 11 zokha, pafupifupi kamodzi pa 100.

Nanga malire akhale pati? M'buku lake la mu 1925, Statistical Methods for Research Workers, Fisher anaona kuti kamodzi pa maulendo 20, kapena kuti 5 pa 100, ndi malire osavuta kugwiritsa ntchito. Bukuli linafalikira kwambiri, ndipo nambala ya 0.05 inasanduka ngati lamulo m'maphunziro a zaulimi, zaumoyo ndi zachuma. Mwini wake sankaiona ngati lamulo losasinthika, ndipo ankatsindika kuti chinthu chimadalirika pamene kuyesa kobwerezabwereza kukupereka yankho lomwelo. Chenjezoli n'lofunika, pakuti munthu atayesa mankhwala 100 opanda ntchito, pafupifupi asanu mwa iwo adzadutsa malirewo mwamwayi. Komanso p-value sinena kukula kwa phindu. Mbewu ikhoza kuposadi inzake, koma ndi makilogalamu ochepa osabweza mtengo wake.

Akatswiri ena awiri, Jerzy Neyman wa ku Poland ndi Egon Pearson, mwana wa Karl Pearson, anawonjezera mbali ina pa njirayi m'zaka zozungulira 1933. Iwo anaonetsa kuti wofufuza akhoza kulakwa m'njira ziwiri: kuvomereza mbewu imene ilibe mphamvu yoposa yakale, kapena kutaya mbewu yabwino chifukwa choti minda yoyeserapo inali yochepa. Fisher sanalandire bwino maganizo awo. Anali munthu wopsa mtima msanga, wosafuna kutsutsidwa, ndipo mkangano wake ndi Neyman unapitirira mpaka imfa yake. Zimene ophunzira a pa Bunda ndi m'mayunivesite ena amaphunzira lero ndi msakanizo wa njira za anthu amene sankamwerana madzi.

Fisher anachoka pa Rothamsted mu 1933, atakhalapo zaka 14, n'kukakhala pulofesa pa University College London, ndipo mu 1943 anabwerera ku Cambridge ngati pulofesa wa maphunziro a chibadwa. Chaka chomwecho mwana wake wamwamuna wamkulu, George, yemwe anali woyendetsa ndege za nkhondo, anamwalira, ndipo banja lake linasokonekera m'zaka zomwezo za nkhondo. Mu 1952 Mfumukazi Elizabeth II inamupatsa ulemu wa Sir.

Mbiri yake ili ndi zipsera ziwiri zazikulu. Choyamba ndi chikhulupiriro chake mu eugenics, ganizo lakuti mtundu wa anthu ungakonzedwe polimbikitsa ena kubereka ndi kuletsa ena. Anathandiza kuyambitsa bungwe la maganizo amenewa ku Cambridge mu 1911, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anatsutsa chikalata cha bungwe la UNESCO chokhudza mitundu ya anthu, poumirira kuti mitundu imasiyana nzeru mwachibadwa. Chifukwa cha zimenezi, mu 2020 koleji yake ya Gonville and Caius inagamula zochotsa zenera lagalasi limene linaikidwa pomukumbukira.

Chipsera chachiwiri chikukhudza mbewu imene ndi yodziwika bwino ku Kabudula ndi Nsaru, fodya. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anatulutsa kafukufuku woonetsa mgwirizano pakati pa kusuta ndi khansa ya m'mapapo. Fisher, amene ankasuta kaliwo ndipo anakhala mlangizi wolipidwa wa bungwe la makampani a fodya ku Britain, anatsutsa poyera mu 1957 ndi 1958. Iye ankati kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri sikutanthauza kuti china chikuyambitsa chinzake, ndipo kuti mwina chibadwa ndicho chimachititsa munthu kukonda fodya komanso kudwala khansa. Mfundo yoyambayo ndi yoona m'masamu, koma pa nkhani ya fodya umboni unapitirira kuunjikana kuchokera kumbali zonse, ndipo lero palibe kukayika kuti Fisher analakwa. Munthu amene anaphunzitsa dziko kuti wofufuza asadalire zokonda za mtima wake anagwa m'mbuna yomweyo.

Atapuma ntchito ku Cambridge, anasamukira ku Adelaide m'dziko la Australia mu 1959, kumene anapitiriza kafukufuku. Anamwalira pa 29 July 1962, ali ndi zaka 72, atachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo, ndipo phulusa lake linaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Peter mumzindawo.

Njira zake zinamuposa moyo, ndipo m'Malawi muno zipatso zake zili m'nkhokwe ndi m'zipatala. Chimanga cha haibulidi cha MH17 ndi MH18, chimene amayi anachilandira chifukwa chimakonoka bwino mumtondo, komanso mtedza wa CG7 umene unabwera kudzapikisana ndi Chalimbana, zonse zinatulutsidwa mu 1990 kuchokera ku ntchito ya akatswiri a pa Chitedze. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kumupereka kwa ana mu April 2019, anayamba wayesedwa m'maiko 7 a mu Africa, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malo oyeserawo. Ana anagawidwa m'magulu mwa maere, monga mmene ndime zimagawidwira kumunda.

Choncho wotsatsa malonda akabwera ndi feteleza wopopera, mbewu yodabwitsa kapena mankhwala ochiza matenda onse, ataimika mboni imodzi kapena ziwiri zimene zikuti zinapindula, wogula ali ndi mafunso atatu amene Fisher anasiya. Kodi chinthucho chinayerekezedwa ndi chiyani? Chinayesedwa kangati? Nanga anasankha ndani malo ndi anthu oyeserapo? Wamalonda amene alibe yankho pa mafunso amenewa akugulitsa mwayi, ndipo wolipira mtengo wake ndi wogula.