Dotolo Lacerda e Almeida, Mphunzitsi wa Masamu Amene Adadutsa Dziko Lathu

Pokumbukira zaka 100 za parishi yathu, nkoyenera kutchulako munthu wina wophunzira kwambiri amene adaponda dziko lino la kumpoto kwa Zambezi makolo athu asanaone sukulu ngakhale tchalitchi. Dzina lawo ndi Francisco José de Lacerda e Almeida.

A Lacerda adabadwira mu mzinda wa São Paulo ku Brazil m'chaka cha 1753, pamene dzikolo lidali m'manja mwa Apwitikizi. Atakula adaoloka nyanja kukaphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya Coimbra, ndipo mu 1777 adalandira udotolo wa masamu. Chaka chomwecho mafumu a Portugal ndi Spain adapangana ku San Ildefonso za malire a maiko ao ku America. Koma malire olembedwa pa pepala amafuna munthu wokawapeza pansi. Nchifukwa chake mu 1780 a Lacerda adatumidwa ku Brazil pamodzi ndi mnzao wa ku Coimbra, António Pires da Silva Pontes. Kwa zaka pafupifupi khumi adayenda m'mabwato pa mitsinje ya Negro, Madeira, Guaporé ndi Paraguay, akuyeza ndi kulemba mapu. Atabwerera ku Lisboa adakhala mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya asilikali a panyanja, Academia Real dos Guardas-Marinhas, ndiponso membala wa bungwe la akatswiri la Academia das Ciências.

Luso lao lidali lodziwa malo poyang'ana kumwamba. Poyeza kutalika kwa dzuwa masana, ankadziwa kuti ali kutali bwanji kumwera. Kuti adziwe za kuvuma ndi kuzambwe, usiku ankayang'ana ndi galasi loonera kutali timiyezi tozungulira Jupiter, nalemba nthawi imene kamodzi kabisika. Kusiyana kwa nthawi imeneyo ndi yolembedwa m'mabuku a ku Ulaya ndiko kunkawauza pamene aima pa dziko lapansi.

Mu 1797 boma la Portugal lidawasankha kukhala bwanamkubwa wa Rios de Sena, ndi lamulo lakuti apeze njira ya pamtunda yochokera ku Tete kukafika ku Angola. Angerezi adali atalanda Cape mu 1795, ndipo a Lacerda adaoneratu kuti tsiku lina adzakwera chakumpoto nadzalowa pakati pa Angola ndi Mozambique. Patapita zaka pafupifupi 100 zidachitikadi motero.

Adafika ku Tete kumayambiriro a 1798. Malungo adawagwira, mkazi wao adamwalira, ndipo eni maprazo ambiri sadafune kuwathandiza. Komabe pa 3 Julayi 1798 adanyamuka ndi asilikali, otsogolera njira, anthu mazana onyamula katundu, ndi wansembe wa ulendowo, Bambo Francisco João Pinto. Adalunjika kwa Mwata Kazembe, mfumu ya Alunda, kumene Manuel Caetano Pereira adafikako mu 1796. Njira yao idadzera m'dziko la Amaravi, kumene kuli dera lathu la Chifunde, masiku a ufumu wa Undi.

Pano mpamene mbiriyi ikutikhudza. Onyamula katundu aja ambiri adali akapolo otengedwa mokakamiza m'maprazo, ndipo ankathawa usiku ndi usiku, nasiya mitolo pa njira. M'buku lao la ulendo a Lacerda adadandaula nazo kwambiri, naika mlandu pa othawawo ndi pa ambuye ao. Ife adzukulu a anthu a dziko lino tikuonanso mbali ina ya nkhaniyi: munthu wochotsedwa pa banja lake ndi kusenzetsedwa katundu wa ulendo wosaudziwa sangatchedwe waulesi akabwerera kwao. Maina a anthuwo sadalembedwe, koma mapewa ao ndiwo adasenza zipangizo zoyezera, nsalu, mikanda, ndiponso machila a dotolo wodwalayo.

Ngakhale thupi lidafooka, a Lacerda sadaleke kulemba za mitsinje, mapiri, migodi ya golide, mafumu ndi malonda a Abisa. Adaoloka Luangwa, kenaka Chambeshi, akuyezabe malo pamene mphamvu zalola. M'mwezi wa Okutobala 1798 adamwalira pafupi ndi mudzi wa Kazembe, ali ndi zaka 45, Angola asanamuone.

Utsogoleri udatsalira Bambo Pinto. Wansembeyu, amene adapita kukasamala za mizimu, adapezeka akuweruza mikangano ya asilikali ndi kukambirana ndi mfumu Kazembe, imene idakana kuwapatsa njira ya kuzambwe. Iwo adapitiriza kulemba za tsiku ndi tsiku, ndipo adabweretsa otsala ku Tete mu Novembala 1799.

Ntchito ya a Lacerda sidatayike. Monteiro ndi Gamitto adatsata njira yomweyo mu 1831 ndi 1832, ndipo mu 1873 Richard Burton adatulutsa zolemba za ulendowu m'Chingerezi ku London. Mpaka lero ofufuza mbiri ya Achewa, Abisa ndi Alunda amaziwerenga.

Ana athu amene akupita ku masukulu a ukachenjede ku Tete, ku Beira ndi ku Maputo atengerepo khama la munthu uyu, amene adayeza ndi kulemba mpaka masiku ake otsiriza. Koma polemba mbiri ya dziko lino, asadzaiwale kufunsa za amene adasenza katundu.