Franz Liszt, Katswili wa Piyano Amene Anaphunzitsa Kwaulele

Franz Liszt anabadwa pa 22 October 1811 m'mudzi wa Raiding, umene panthawiyo unali m'dziko la Hungary. Atate ake ndiwo anayamba kumuphunzitsa kuliza piyano, kenako anakaphunzila kwa Carl Czerny ku Vienna.

Atakula, mbili yake inamveka mu Ulaya monse, ndipo anthu anali kudzaza nyumba zoimbila kuti akamumvele. Mu 1838 cigumula citawononga mzinda wa Pest kwao ku Hungary, iye analiza piyano ku Vienna n'kupeleka ndalama zimene anapeza kwa ovutikawo. Mu 1847, ali ndi zaka 35, analeka maulendo olizila malipilo. Anakhazikika ku Weimar m'dziko la Germany, kumene anali kupeka nyimbo ndi kuphunzitsa. Pa moyo wake anaphunzitsa acinyamata mazanamazana osawalipilitsa.

Cisoni sicinamulambalale: mwana wake Daniel anamwalila mu 1859, ndipo Blandine anatsatila mu 1862. Pambuyo pake, ali ku Rome, anadzipeleka kwambili pa kupeka nyimbo zacipembedzo.

Mu 1875 anakhala mtsogoleli woyamba wa sukulu ya nyimbo ku Budapest, imene lelo imadziwika ndi dzina lake. Anamwalila ku Bayreuth pa 31 July 1886.