David Clement Scott: Mmisiri wa Njerwa ndi Mawu

Nyumba zikuluzikulu za ku Ulaya zimayamba ndi pulani. Mwachitsanzo, nyumba ya zisudzo zoimba ya Palais Garnier ku Paris inajambulidwa ndi katswiri Charles Garnier, ndipo inamangidwa kuyambira 1861 mpaka 1875. Koma tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe ndi chimodzi mwa zomangamanga zotchuka m'Malawi, chinakwera popanda pulani yonse yojambuliratu. Amene anatsogolera ntchitoyi ndi m'busa David Clement Scott, yemwe sanaphunzirepo za umisiri womanga.

Scott anabadwira ku Edinburgh m'dziko la Scotland mu 1853. Anafika ku Blantyre mu 1881 pomwe mishoni ya Church of Scotland inali pa manyazi. Amishoni oyamba anadzisandutsa oweruza milandu, namakwapula anthu mwankhanza, kotero mpingo kwawo unachotsa mtsogoleri wawo, Duff MacDonald. Ntchito ya Scott inali yobwezeretsa chikhulupiriro cha Amang'anja ndi Ayao ozungulira mishoniyo. Iye anasankha njira ya makolo yokambirana mlandu pabwalo m'malo mwa chikoti.

Ntchito yomanga tchalitchi inayamba mu 1888. Njerwa zinkaumbidwa pomwepo ndi dothi la m'deralo, n'kuotchedwa ndi nkhuni. Panasemedwa zikombole zamatabwa zotulutsa njerwa za maonekedwe 81, zina zokhota, zina zosongoka. Gawo lililonse lovuta ankayamba aliyala popanda matope kuti aone ngati likukhala bwino, kenaka n'kumanga zenizeni. Umu ndi momwe zipilala, makomo okhota, nsanja ndi denga lobulungira zinapezekera. Tchalitchichi, chotalika mapazi 106, chinatsegulidwa pa 10 May 1891. Mutu umodzi susenza denga: ngakhale mbiri imatchula kwambiri Scott, oumba njerwa, osema matabwa ndi omanga anali anthu akuda a m'deralo amene anaphunzira lusoli ali pantchito.

Kwa ife ophunzira zinenero, nyumba yachiwiri ya Scott ndi mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja, A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, wosindikizidwa ku Edinburgh mu 1892. Bukuli silingopereka liwu ndi tanthauzo lake m'Chingerezi, koma limafotokozanso miyambo, zikhulupiriro ndi kaganizidwe ka eni chinenero. Alexander Hetherwick analikonzanso ndi kuliwonjezera, ndipo linatuluka mu 1929 ngati mtanthauziramawu wa Chinyanja. Kamangidwe ka tchalitchi ndi kalembedwe ka bukuli n'zofanana: zipangizo zinali za pompano, ndipo Scott anazitenga kuti n'zokwanira kumangira chinthu chachikulu.

Maganizo amenewa anamudanitsa ndi azungu anzake. Chaka chomwe tchalitchi chinatsegulidwa, dziko lino linalowa mu ulamuliro wa Britain, ndipo Harry Johnston anayamba nkhondo zogonjetsa mafumu. Kuno kwa Makanjira, Kaputeni Cecil Maguire anaphedwa mu December 1891, ndipo linga la Fort Maguire linatchedwa dzina lake. Scott ankadana ndi malonda a akapolo, komabe m'magazini ya mishoni ya Life and Work ankadzudzula boma pa nkhani ya msonkho, kulanda malo ndi kuthamangira mfuti. Anasankhanso madikoni akuda asanu ndi awiri n'kuwapatsa udindo weniweni. Mwa iwo munali Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa mu 1911, ndi John Gray Kufa, amene anaphedwa ndi boma pambuyo pa kuwukira kwa John Chilembwe mu 1915.

Atsamunda, eni minda ndi amishoni ena anamudandaulira ku Scotland. Mkazi wake atamwalira mu 1895, thanzi lakenso linafooka, ndipo anachoka ku Blantyre mu 1898. Mu 1901 anapita ku mishoni ya Kikuyu m'dziko la Kenya, komwe anamwalira mu 1907.

Mpingo wotsogozedwa ndi Amalawi umene Scott ankaufuna unachedwa zaka zambiri atachoka. Lero Sinodi ya Blantyre ya CCAP ili m'manja mwa Amalawi, ndipo akhristu akupembedzabe m'tchalitchi chija.