Margaret Damer Dawson, mai amene anatsogolera apolisi acikazi odzipereka ku Britain

Pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka mu August 1914, m'dziko la Britain munalibe mkazi ndi mmodzi yemwe wolumbiritsidwa ngati wapolisi. Pofika mu November 1918 pamene nkhondoyo inatha, akazi ovala yunifomu ya apolisi anali kuoneka m'misewu, m'masiteshoni a sitima ndi pa zipata za mafakitale opanga zida zankhondo. Ambiri a iwo anaphunzitsidwa ndi gulu limene linayamba ndi anthu odzipereka osalandira malipiro, lotsogoleredwa ndi Mai Margaret Damer Dawson. Mbiri ya mai ameneyu ikuonetsa zazikulu zimene anthu odzipereka angacite pa nchito ya upolisi, ndiponso vuto limene limabuka ngati munthu wavala yunifomu koma lamulo silinanene momveka bwino pamene mphamvu zake ziyenera kulekezera.

Mai Dawson anabadwa pa 12 June 1873 m'tauni ya Hove, m'cigawo ca Sussex, kum'mwera kwa England. Atate ao anali dotolo, ndipo banjali linali lopeza bwino. Atate ao atamwalira, amai ao anakwatiwanso ndi Lord Walsingham, mmodzi wa anthu a maudindo a m'dzikomo. Mai Dawson anaphunzira za nyimbo pa sukulu ya London Academy of Music, koma popeza anali ndi cuma cokwanira, sanafunikire kugwira nchito yolipidwa. Nthawi yao ndi ndalama zao anazipereka ku nchito zothandiza ena. Anakhazikitsa nyumba yosungiramo makanda otayidwa, ndipo anachuka kwambiri pa nkhondo yao yoletsa kucitira nkhanza nyama, makamaka mcitidwe wozing'amba zili zamoyo pocita kafukufuku wa zamankhwala. Anali mmodzi wa okonza msonkhano waukulu wa maiko osiyana-siyana wokhudza nkhaniyi umene unacitikira ku London mu 1909, ndipo maiko a Denmark ndi Finland anawapatsa mamendulo cifukwa ca nchito imeneyi.

Pa nthawiyo, kuthandiza apolisi modzipereka sikunali kwacilendo ku Britain. Lamulo la mu 1831 linapatsa oweruza milandu mphamvu yolumbiritsa anthu wamba kuti akhale apolisi apadera pa nthawi ya cipolowe. Mu April 1848, pamene gulu la Chartist lomenyera ufulu wovota wa anthu ogwira nchito linaitanitsa msonkhano waukulu pa Kennington Common mu London, amuna zikwi-zikwi analumbiritsidwa motero, ndipo mmodzi wa iwo anali Louis Napoleon, amene pambuyo pake anakhala mfumu yaikulu ya dziko la France. Mu 1914 nyumba ya malamulo inakhazikitsanso lamulo lina lolola kulemba apolisi apadera kwa nthawi yonse ya nkhondo, cifukwa apolisi ambiri anali atapita ku usilikali. Amalonda, makalaliki ndi amuna acikulire anali kugwira nchito zao masana ndi kulondera usiku. Koma khomo limeneli linali lotsegukira amuna okha. Akazi ocepa amene anali kupezeka kupolisi anali olembedwa kuti aziyang'anira ndi kufufuza m'zovala akaidi acikazi, ndipo kawiri-kawiri anali akazi a apolisi eni ake.

Cimene cinakokera Mai Dawson ku nchito ya upolisi ndi othawa nkhondo a ku Belgium. Asilikali a Germany atalowa m'dzikolo mu August 1914, anthu anayamba kuwoloka nyanja, ndipo pa nthawi yonse ya nkhondo pafupi-fupi 250,000 anafika ku Britain. Mai Dawson anali m'gulu la anthu opita ku masiteshoni a sitima a mu London kukalandira alendowo ndi kuwapezera pogona. Kumeneko anaona kuti atsikana ofika okha, osadziwa Cingelezi, anali kunyengedwa ndi anthu ofuna kuwalowetsa m'uhule. Anaona kuti mkazi wovala zovala wamba sangathe kuletsa zimenezi, ndipo kuti panafunika akazi ophunzitsidwa, ovala yunifomu imene aliyense angaizindikire ali patali.

Maganizo ofanana ndi amenewa analinso ndi Mai Nina Boyle, mtolankhani amene anakhalapo zaka zambiri ku Johannesburg ndipo anali mmodzi wa atsogoleri a bungwe la Women's Freedom League, lomenyera ufulu wa akazi wovota. Dandaulo la Mai Boyle linali lakuti mkazi kapena mtsikana wocitiridwa nkhanza anali kufunsidwa ndi amuna okha-okha kuyambira kupolisi kufikira kukhoti, ndipo cilungamo cinali kumucepera. Azimai awiriwa anagwirizana, ndipo ndi cilolezo ca Sir Edward Henry, mkulu wa apolisi a mzinda wa London, anakhazikitsa gulu lochedwa Women Police Volunteers mu 1914. Mai Dawson anakhala mtsogoleri, Mai Boyle waciwiri wao. Olowa m'gululi anali kuphunzira perete, cithandizo coyamba kwa ovulala, njira zodzitetezera ndi kayendetsedwe ka milandu m'makhoti. Oyamba analibe malipiro, ndipo mbali yaikulu ya ndalama zoyendetsera gulu inali kucokera m'thumba la Mai Dawson ndi kwa anthu akufuna kwabwino.

Panalinso gulu lina la akazi odzipereka, lokhazikitsidwa caka comweco ndi bungwe la National Union of Women Workers. Akazi a m'gulu limenelo anali kulondera awiri-awiri kwa maola ocepa pa sabata, atavala kansalu ka cizindikiro pamkono, ndipo colinga cao cinali kulangiza atsikana m'mapaki ndi pafupi ndi misasa ya asilikali. Mai Dawson anali kufuna zoposa pamenepo. Kwa iwo kudzipereka kunali njira yoonetsera boma kuti akazi angaigwire nchitoyi tsiku lonse, molipidwa, monga amuna.

Mwai woonetsa zimenezi unapezeka ku Grantham, tauni ya m'cigawo ca Lincolnshire. Pafupi ndi tauniyi, pa Belton Park, panamangidwa msasa wa asilikali pafupi-fupi 20,000, ciwerengero cofanana ndi ca anthu a m'tauni yonseyo. Ucidakwa ndi uhule zinakula, ndipo akulu-akulu a asilikali anada nkhawa ndi matenda opatsirana pogonana. Mu November 1914 Mai Dawson anatumizako akazi awiri, Mary Allen ndi Ellen Harburn, amene anakhala akazi oyamba kugwira nchito ya upolisi atavala yunifomu kunja kwa London. Mai Allen anali atamangidwapo katatu cifukwa comenyera ufulu wa akazi wovota, ndipo tsopano anali kugwira nchito limodzi ndi apolisi.

Ku Grantham n'kumene gululi linakumana ndi ciyeso cake cacikulu. Pogwiritsa nchito malamulo a nthawi ya nkhondo, mkulu wa asilikali anaika lamulo loletsa akazi oganiziridwa kuti ndi amakhalidwe oipa kuyenda usiku, ndipo apolisi acikazi aja anapatsidwa cilolezo colowa m'nyumba za anthu kukaona ngati mulibe asilikali. Akazi awiriwo analibe mphamvu yomanga munthu ndipo sanali olumbiritsidwa, komabe anali kugogoda pa zitseko za akazi anzao usiku, pamene asilikali sanali kuletsedwa mofananamo. Mai Boyle anakwiya kwambiri, pakuti gulu limene linapangidwa kuti liteteze akazi linali litasanduka cida cowapondereza, ndipo anapempha Mai Dawson kutula pansi udindo. Mai Dawson anali kuona kuti gulu limene likana nchito yosasangalatsa silingakhulupiriridwe ndi boma, ndipo khomo lingatsekedwe kwa akazi onse. Mu February 1915 nkhaniyi inaikidwa pa voti, ndipo mwa akazi pafupi-fupi 50, onse kupatula awiri anatsatira Mai Dawson. Gululi linakonzedwanso ndi kupatsidwa dzina latsopano la Women Police Service, Mai Dawson ali mtsogoleri ndipo Mai Allen ali waciwiri wao.

Njira imene Mai Dawson anasankha inabala zipatso msanga. Matauni ena, monga Hull, anapempha apolisi acikazi. Mu December 1915, akulu-akulu a tauni ya Grantham analumbiritsa Mai Edith Smith, amene kale anali mzamba ndipo anaphunzitsidwa ndi gulu la Mai Dawson, kukhala wapolisi wokhala ndi mphamvu zonse zomanga munthu. Iwo ndiwo anali mkazi woyamba m'dziko la Britain kupatsidwa mphamvu zimenezi, ngakhale kuti unduna woona za m'kati mwa dziko unali kuumirira kuti lamulo silinali kulola kulumbiritsa akazi. Mu 1916 nyumba ya malamulo inavomereza kuti akazi ogwira nchito ya upolisi azilipidwa kucokera ku thumba la apolisi.

Caka comweco unduna woona za zida zankhondo unapangana ndi gulu la Mai Dawson kuti lizipereka apolisi acikazi m'mafakitale ake. Mafakitale aakulu monga a ku Gretna, Queensferry ndi Pembrey anali ndi akazi zikwi-zikwi opanga wonga ndi mabomba. M'malo otero kamtengo kamodzi ka macesi kakanatha kupha anthu mazana, motero aliyense wolowa pacipata anali kufufuzidwa ngati ali ndi macesi, fodya kapena kacitsulo kalikonse, ngakhale pini ya m'tsitsi. Nchito yofufuza m'zovala za akazi sikanagwiridwa ndi amuna. Apolisi acikazi anali kuyang'aniranso bata m'masitima onyamula anchito ndi m'malo odyera, ndiponso kutulutsa anthu m'nyumba pakacitika ngozi. Gululi linaphunzitsa akazi pafupi-fupi 1,000 pa nthawi ya nkhondo, ndipo ambiri anatumizidwa ku mafakitale amenewa, kumene anali kulandira malipiro. Mu 1918 Mai Dawson ndi Mai Allen anapatsidwa ulemu wa OBE ndi boma la Britain.

Koma ulemuwo sunatsegule khomo limene Mai Dawson anali kuyembekezera. Mu August 1918 apolisi a mu London ananyanyala nchito, Sir Edward Henry anatula pansi udindo, ndipo m'malo mwao munalowa mkulu wa asilikali Sir Nevil Macready. Mkulu watsopanoyu anavomereza kuti apolisi acikazi ndi ofunika, koma sanafune gulu lokhala ndi mtsogoleri wake-wake, yunifomu yake-yake ndi maudindo ake-ake, losayankha kwa iye, ndiponso lokhala ndi akazi amene kale anali kulimbana ndi apolisi pa nkhani ya voti. Motero anakhazikitsa gulu la apolisi acikazi la boma ndi kuika Mai Sofia Stanley, wocokera ku gulu lina lija la olondera, kukhala mtsogoleri wake. Akazi amenewa anayamba kuyenda m'misewu ya London mu February 1919, opanda mphamvu yomanga munthu. Gulu la Mai Dawson, limene linali ndi akazi ozolowera nchito kuposa ena onse, linasiyidwa panja, ndipo mafakitale a zida atatsekedwa nchito zambiri zinatha.

Mai Dawson sanaleke. Kumayambiriro kwa 1920 anakapereka umboni ku komiti ya boma yotsogoleredwa ndi Sir John Baird, imene inali kufufuza za kulemba akazi nchito ya upolisi. Sanakhale ndi moyo kuti aone zotsatira zake. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 18 May 1920, ali ndi zaka 46, ndipo anaikidwa m'manda ku Lympne, m'cigawo ca Kent, kumene anali ndi nyumba. Nyumbayo anaisiyira Mai Allen, amene anali kukhala nao limodzi ndipo anatenganso utsogoleri wa gulu.

Mtsogoleri wake atamwalira, gululi linayamba kufooka. Mamembala ena anaimbidwa mlandu wovala yunifomu yofanana ndi ya apolisi a boma, ndipo mu 1921 linasintha dzina kukhala Women's Auxiliary Service. M'zaka za m'ma 1930 Mai Allen anayamba kutamanda poyera ulamuliro wa Adolf Hitler, zimene zinadetsa mbiri ya gulu lonse. Koma nchito imene akazi odzipereka anaiyamba inapitirira m'manja mwa boma. Apolisi acikazi a mu London anapatsidwa mphamvu yomanga munthu mu 1923, nthambi yao inaphatikizidwa ndi ya amuna mu 1973, ndipo mu 2017 Mai Cressida Dick anakhala mkazi woyamba kutsogolera apolisi a mzindawo.

Mwambo wa apolisi apadera wa mu 1831 ukalipobe ku Britain, ndipo tsopano ndi wa amuna ndi akazi omwe. Iwo salandira malipiro, ndipo ambiri amayembekezeredwa kupereka maola osacepera 16 pa mwezi pambali pa nchito zao za masiku onse. Kusiyana kwao ndi akazi a ku Grantham n'kwakuti amaphunzitsidwa ndi apolisi eni ake, amalumbiritsidwa, ali ndi mphamvu zofanana ndi za wapolisi wolipidwa, ndipo akalakwa amayankha pa malamulo omwewo. Izi ndizo zinthu zimene gulu la Mai Dawson linalibe pamene linali kugogoda pa zitseko usiku mu 1914, ndipo ndizo zimene iwo anamwalira akali kupempha boma.

Mu London, pa nyumba nambala 10 Cheyne Row m'dera la Chelsea pamene Mai Dawson anali kukhala, pali cikwangwani ca dzina lao. Capafupi, m'munda wa maluwa wa m'mbali mwa mtsinje wa Thames, muli cosambiramo mbalame ca mwala cimene cinamangidwa powakumbukira, pozindikira nchito yao yoteteza nyama imene anaiyamba asanavale yunifomu.