A Robert Laws, mphunzitsi amene anayambira kupala matabwa

Anzanga, tikamayenda m'tauni muno timaona zikwangwani za Sinodi ya Livingstonia, ndipo ena mwa ife timalota zodzaphunzira ku yunivesite ya Livingstonia. Koma ndi angati amene tikudziwa kuti munthu amene anatsegula sukulu ya ku Khondowe nayenso ankalowa m'kalasi atatopa kale ngati ifeyo?

A Robert Laws anabadwa m'chaka cha 1851 ku Aberdeen, m'dziko la Scotland. Bambo awo anali kalipentala wokhoma mipando ndi makabati, ndipo pakhomo pawo ndalama sizinkaoneka kawirikawiri. Ali mnyamata anayamba kuphunzira ntchito ya bambo awoyo. Masana ankapala matabwa, madzulo n'kupita kusukulu. Anapitiriza choncho mpaka anakafika ku yunivesite, ndipo anaphunzira udokotala ndi ubusa.

M'chaka cha 1875, ali ndi zaka 24 zokha, anabwera kuno ndi gulu la amishoni pa sitima yotchedwa Ilala. Anayamba kukhala ku Cape Maclear, koma malungo anawapha anzawo angapo. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ku Nkhata Bay, ndipo mu 1894 anakwera phiri la Khondowe ku Rumphi n'kutsegula sukulu yaikulu ya Overtoun.

Tsono kaphunzitsidwe kawo n'kamene kanandichititsa chidwi. Poti iwowo anakula ndi buku kudzanja lino, chopalira matabwa kudzanja linalo, sankafuna kuti mwana asukulu azingodziwa za m'mutu basi. Ku Overtoun kunali maphunziro a uphunzitsi, ubusa, zachipatala ndi ukalaliki, komanso kunali ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi ulimi. Ngakhale wophunzira wanzeru bwanji, ankagwirako ntchito yamanja. Zimene ankaphunzira ankaziona ndi maso, chifukwa pamalopo panafika madzi a m'mapaipi, magetsi ochokera ku mphamvu ya madzi, ndi msewu wa Gorodi, uja wokhotakhota wochokera ku Chitimba.

China n'chakuti a Laws sananyoze chilankhulo cha anthu. Anaphunzira Chinyanja, anamasulira Chipangano Chatsopano, ndipo mu 1894 anatulutsa dikishonale ya Chingerezi ndi Chinyanja. Mwana ankayamba kuwerenga m'chilankhulo chake kusukulu ya kumudzi, Chingerezi n'kubwera pambuyo. Komanso wophunzira akadziwa kanthu sankakhala nako yekha ayi, ankatumizidwa kumidzi kuti akaphunzitse ena. N'chifukwa chake sukulu zinafalikira msanga kuno kumpoto.

Zipatso zake zinaoneka. A Levi Mumba, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anadutsa m'sukulu za Livingstonia. A Clements Kadalie anachoka ku Overtoun n'kukayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. A David Kaunda anapita kukaphunzitsa ku Chinsali, ndipo mwana wawo Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia.

Komabe ndisakunamizeni kuti zonse zinali bwino. A Laws anali munthu wovuta pa malamulo, ndipo mishoni yawo inkachedwa kukhulupirira ophunzira ake omwe. A Charles Domingo, amene anakulira pakhomo pa a Laws ndipo anamaliza maphunziro a ubusa, anadikira zaka zambiri osadzozedwa mpaka anatopa n'kuchoka. Abusa oyamba achikuda anadzozedwa mu 1914, patapita zaka pafupifupi 40 chifikireni amishoniwo. Apa ndaonapo kuti mphunzitsi angathe kukupatsa nzeru zonse, koma n'kumakuonabe ngati mwana.

A Laws anachoka m'dziko muno mu 1927, atagwira ntchito zaka 52, ndipo anamwalira ku London mu 1934. Ankafunitsitsa kuti Overtoun idzakhale yunivesite, koma sanazione. Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa mu 2003, ndipo nthambi yake ya ku Khondowe imatchedwa ndi dzina lawo.

Ineyo ndimadzuka kusanache, ndigwireko khasu kaye, kenako ndiyende wapansi m'chisanu cha Mzuzuchi. Ndikafika m'kalasi tulo tili m'maso, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti sukulu ndi ya anzathu ogonera konko. Enanu mumathawa ikakwana nthawi yopita kudimba la sukulu, eti ulimi ndi chibalo. Chiwerengereni mbiri imeneyi, ine ndasiya kubisa matuza a m'manja mwangamu. Mayeso a JCE ayandikira. Amene wamva bwino masamu asakhale nawo yekha, tikumane pansi pa mtengo tikaweruka, tiphunzitsane tisanayambe ulendo wa kumudzi.